Kalawe Asankhira Agogo Switi

Uyu ndi Kalawe. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Dzina lake lenileni lilipo. Koma palibe amene amalitchula. Onse amangoti Kalawe, chifukwa amalawa chilichonse.

Amalawa shuga. Amalawa mchere. Tsiku lina analawa sopo. Sopoyo sanabwereze.

Kalawe ali ndi vuto limodzi. Khirisimasi yayandikira. Koma Agogo akuti sadzakhala nawo patebulo.

Agogo ndi telala. Ali ndi makina osokera. Ali ndi sizasi yaikulu. Ali ndi botolo lodzaza mabatani.

Alinso ndi mano oyikirira. Manowo anawapatsa ndi adokotala. Ndi oyera mbee. Agogo akagona, mano amapuma m'kapu. Agogo akadzuka, mano amabwerera pantchito.

Chaka chatha zinthu zinavuta.

Azakhali anabwera ndi chitini cha maswiti. Chaka chilichonse amabwera nacho. M'nyumba munadzaza alendo.

Agogo anatenga switi ya pepala lagolide. Anatafuna kamodzi. Anatafuna kawiri. Kenako anatsegula pakamwa.

Mano sanatsegule nawo.

Mano anagwera m'mbale. Kho!

Alendo anaseka. Azakhali anaseka mpaka misozi. Agogo okha sanaseke. Anatola mano awo. Analowa m'chipinda chosokera. Anatseka chitseko.

Chaka chino, Kalawe anapita kukawaona.

Makina ankalira. Ta-ta-ta-ta! Ta-ta-ta-ta!

"Agogo, Loweruka ndi Khirisimasi," anatero Kalawe.

"Ndamva, mdzukulu wanga."

"Mudzakhala pampando wanu uja?"

"Mpando udzakhale wokha. Ine ndili ndi mabuluku atatu oti ndipinde."

"Pa Khirisimasi, Agogo?"

"Buluku silidziwa Khirisimasi."

Kalawe anaganiza pang'ono.

"Ndiye mubwere, koma musadye switi."

Agogo anaimitsa makina. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Azakhali ako sukuwadziwa? Amakuimirira pamutu ndi chitini. Ukakana, akuti wawanyoza. Ukatenga, mano apita kokayenda. Ayi, ine ndakula. Kusekedwa kamodzi kwakwana."

Kalawe anaima nji.

"Ndikupezerani switi yosaba mano."

"Iwe?"

"Ine. Ndibwerekeni mabatani awiri. Aakulu, a jekete."

"Mabatani? Ukufuna kuyisokera malaya switiyo?"

"Ndibwerekeni basi, Agogo."

Agogo anapukusa mutu. Koma anatsegula botolo.

Lachinayi, Azakhali anafika. Chitini chinali m'khwapa. Anachiika pamwamba pa kabati.

"Pasapezeke wochikhudza mpaka Loweruka!" anatero.

Kalawe anawagwira dzanja.

"Azakhali, muli mitundu ingati m'chitinimo?"

"Isanu."

"Ndipatseni ziwiriziwiri."

"Ha! Akuba ena amabisala. Uyu wabwera masana, ndi ulemu womwe!"

"Si dyera, Azakhali. Ndi ntchito. Ndikufuna switi yoti Agogo adye."

Azakhali anasiya kuseka. Anayang'ana chitseko cha chipinda chosokera. Anakanda m'khutu.

Kenako anatsitsa chitini. Anasankha ziwiriziwiri. Anatsekanso chitini mwamphamvu.

Kalawe anakonza tebulo la kukhitchini.

Anatsuka mabatani. Anaika kapu ya madzi. Anaika mbale ziwiri. Ina inali mbale ya Eya. Ina inali mbale ya Ayi.

Achimwene ake analowa. Achimwene ndi aatali. Mphuno yawo imamva switi kuchokera kumsewu.

"Mabataniwo ndi a chiyani?" anafunsa.

"Awa ndi mano a Agogo. Ili ndi la m'mwamba. Ili ndi la m'munsi. Switi ikamata mabatani, imatanso mano."

"Nanga zolephera zipita kuti?"

"M'mbale ya Ayi."

"Ndiye ine ndikhala mlonda wa mbale ya Ayi," anatero Achimwene. Anakoka mpando msangamsanga.

Switi yoyamba inali ya pepala lagolide. Ija ya chaka chatha.

"Takumananso," anatero Kalawe.

Anaiika pakati pa mabatani. Anapanikiza. Anakoka.

Mabatani anakana.

Kalawe anakoka kuno. Achimwene anakoka uko. Mabatani anakanabe. Amayi anachita kuwathira madzi otentha.

Kalawe analawa inzake.

"Kodi ikumata? Ikumata. Kodi ndi yolimba? Pang'ono. Kodi ikukoma? Ikukoma kwambiri. Koma ndi mbava. Ayi!"

Anamwa madzi. Anachukucha m'kamwa.

Switi yachiwiri inali kandodo. Kanali kofiira ndi koyera. Kanali kopindika kumutu.

Kalawe anakaika pakati pa mabatani. Anapanikiza. Kandodo kanaterereka. Kanauluka. Kanakagunda poto. Ngwe!

Koma sikanathyoke.

"Akanakhala mano, bwenzi tikusesa," anatero Achimwene.

Kalawe ananyambita kanzake.

"Kodi kakumata? Ayi. Kodi ndi kolimba? Ngati msomali. Kodi kakukoma? Kakumveka ngati mankhwala otsukira mano. Agogo amatsuka kale mano awo m'kapu. Ayi!"

Anamwa madzi. Anachukucha m'kamwa.

Switi yachitatu inali kamtengo kobiriwira. Kanali ndi shuga pamwamba.

Kalawe anapanikiza. Kamtengo kanaphwatalala. Anasiya. Kamtengo kanadzukanso.

"Kali ndi mwano," anatero Achimwene.

Kalawe anaponya kanzake m'kamwa.

Diso limodzi linatseka lokha. Mphuno inakwinyika. Mapewa anakwera mpaka m'makutu.

"Kalawe, uli moyo?" anafunsa Amayi.

"Kodi kakumata? Ayi," anatero Kalawe ndi mawu aang'ono. "Kodi ndi kolimba? Ayi. Kodi kakukoma? Kakuwawasa kuposa ndimu! Agogo atha kulavula zonse, kamtengo ndi mano omwe. Ayi!"

Anamwa madzi. Anamwanso ena.

Mbale ya Ayi inalibe kanthu. Mlonda ankagwira ntchito molimbika.

Switi yachinayi inali nyenyezi ya chokoleti. Inali yokongola kuposa zonse.

Kalawe anapanikiza nsonga imodzi. Nsongayo inaphwanyika mofewa. Mabatani sanamate.

Anaika inzake palilime. Anatsinzina.

"Kodi ikumata? Ayi. Kodi ndi yolimba? Ayi. Kodi ikukoma? Mayo ine! Eya! Eya! Eya!"

Kalawe analumpha pampando. Anathamangira kwa Agogo. Nyenyezi inali ikadali m'kamwa.

Anadutsa kabati. Nyenyezi inkasungunuka.

Anafika pachitseko. Nyenyezi inatha.

Lilime linagunda kanthu. Kanthu kolimba gwa!

Kalawe anaima. Analavulira m'dzanja. Unali mtedza. Mtedza wathunthu, wobisala pakati.

Kalawe sanagogode. Anabwerera kukhitchini pang'onopang'ono.

"Ndinafulumira," anatero. "Ndinagamula mlandu switi isanathe."

Anachotsa nyenyezi yotsala m'mbale ya Eya. Anaiika m'mbale ya Ayi.

"Pepa, mlongo," anatero Achimwene. Ananena pakamwa patadzaza kale.

"Tsopano mafunso ndi anayi," anatero Kalawe. "Lachinayi ndi ili: kodi mkati muli chiyani?"

Panatsala mtundu umodzi.

Inali ya makona anayi. Pepala lake linali loyera, losawala. Sinali nyenyezi. Sinali mtengo. Sinali chilichonse.

Achimwene anainunkhiza.

"Iyi si switi. Uyu ndi sopo."

"Sopo ndimamudziwa ine," anatero Kalawe. "Uyu si sopo."

Anaiika pakati pa mabatani. Anapanikiza pakati penipeni. Switi inafumbutuka ngati ufa. Mabatani analekana okha.

Anaika inzake palilime. Sanatafune. Sanathamange. Anangokhala phee.

Achimwene anadikira. Amayi anadikira. Azakhali anasuzumira pakhomo.

Switi inachepa. Inachepa. Inatha.

Kalawe anafufuza ndi lilime. Kumanja kunalibe kanthu. Kumanzere kunalibe kanthu.

"Kodi ikumata? Ayi. Kodi ndi yolimba? Ayi. Kodi mkati muli chiyani? Mulibe kanthu. Kodi ikukoma? Ikukoma ngati mkaka wa shuga. Eya!"

"Watsimikiza?" anafunsa Azakhali.

"Ndatsimikiza."

Kalawe anagogoda kwa Agogo.

"Ndaipeza, Agogo. Ndi ya pepala loyera. Ndi ya makona anayi."

"Ili kuti? Ndiione."

"Yatha. Ina ndadya ine. Ina adya mabatani."

"Ndiye ndikhulupirire chiyani? Mano ako ndi omera okha. Anga ndi alendo."

Kalawe anatambasula dzanja. Mabatani awiri anali pamenepo.

Agogo anavala bwino magalasi. Anatembenuza batani loyamba. Anatembenuza lachiwiri. Anawagundanitsa. Anawalekanitsa. Anayang'ana m'timabowo mwa ulusi.

"Mwana amanama," anatero Agogo. "Telala amanama kwambiri. Amati bwerani mawa. Koma batani sindinalimvepo likunama."

"Ndiye mubwera?"

"Tiona."

Makina anayambanso kulira. Ta-ta-ta-ta!

Loweruka linafika.

Alendo anadzaza m'nyumba. Patebulo panalibe malo oika chigongono. Mpando wa Agogo wokha unali wopanda munthu.

Kuchipinda, makina ankalira. Ta-ta-ta-ta! Ta-ta-ta-ta!

Mlendo wina anafuna kukhala pampandopo.

"Pepani, pali eni ake," anatero Kalawe.

"Eni ake ali kuti?"

"Akubwera."

Achimwene anamunong'oneza. "Nanga akapanda kubwera?"

"Akubwera," anatero Kalawe.

Ta-ta-ta-ta! Ta-ta. Ta.

Zii.

Chitseko chinatseguka. Agogo anatuluka. Anavala jekete lakuda. Pakhosi panali tepi yoyezera. Anaiwala kuichotsa.

Anakhala pampando wawo. Anapereka moni ndi mutu wokha. Milomo inali yotseka.

Anthu anadya. Anthu anamwa. Kenako Azakhali anatsitsa chitini.

Anayambira kwa Agogo.

"Bambo, tengani," anatero Azakhali. Mawu awo anali ofatsa lero.

Pamwamba panali zagolide zokhazokha. Zinkawala. Zinkakopa.

Dzanja la Agogo linaima pamwamba pake.

Kalawe anatsokomola. "Khm!"

Dzanja linasunthira pa nyenyezi.

"Khm! Khm!"

"Mwanayu mumupatse mankhwala a chifuwa," anatero Agogo. Koma diso lawo linkaseka.

Anapisa dzanja mpaka pansi. Anafufuza. Anatulutsa ya pepala loyera. Ya makona anayi.

Anaimasula bwinobwino, ngati akusolola ulusi. Anaiika m'kamwa.



Amayi anagwira supuni m'mwamba. Azakhali anakumbatira chitini. Achimwene anaiwala kumeza.

Kalawe yekha sanade nkhawa. Anapinda manja. Anadikira.

Agogo anatsinzina. Tsaya lakumanja linayenda. Tsaya lakumanzere linayenda. Sanafulumire. Telala safulumira.

Kenako anatsegula maso. Anayang'ana alendo mmodzimmodzi.

"Mukudikira chiyani?" anafunsa.



Agogo anamwetulira. Anamwetulira kuchokera khutu ili mpaka khutu ilo. Mano onse anali pamalo pake. Oyera mbee.

"Alipo onse," anatero Agogo. "Amene mwabwera kudzawaona m'mbale, pepani. Chaka chino sakutsika."

Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka. Agogo anaseka kuposa onse. Anaseka pakamwa pali yasa.

"Kalawe, bwera kuno," anatero Agogo.

Agogo anasendera pang'ono. Kalawe anakhala nawo pampando womwewo.

"Iwe mwana wanga, chitinicho siya pompano," anauza Azakhali. "Alendo atenge zowalazo. Ine ndi mdzukulu wangayu tili ndi ntchito pansi pa chitini."

Agogo anapisanso dzanja. Anatulutsa ina yoyera. Anaibenthula pakati.

Theka anadya okha. Theka anapatsa Kalawe.