Waya Wopotedwa Katatu

A Bolopeni anatuluka mu ofesi kutada kale, ndipo wolakwa anali iwo eni. Anzawo anawapempha kuti anene mawu awiri potsanzikana ndi mesenjala amene ankapuma pantchito, iwo n'kulankhula ola ndi theka. Pomwe ankafika pa mfundo yachisanu ndi chiwiri, mesenjalayo anali atafika kwawo, atasamba.

Dzina loti Bolopeni anawapatsa ndi alamu awo, makaniko, amene ankati manja a mkuluyu sananyamulepo chinthu cholemera kuposa cholembera. N'chifukwa chake paipi ya rediyeta itayamba kutupa, iwo anakana zoitana munthu.

"Ndi paipi chabe, mayi. Ine woyendetsa dipatimenti yonse ndilephere labala?"

"Dipatimentiyo si ya bambo anga," anatero akazi awo. "Galimoto iyi ndiyo yokha imene anandisiyira. Mukaiwotcha injini, mudzandiuze sitolo yomwe mukagule ina yonunkhira iwowo."

Apongozi awowo a Bolopeni sanawaonepo, anamwalira zaka zinayi ukwati usanachitike. Ankangowadziwa pa chithunzi cha pabalaza, ali mnyamata, atavala suti yowakulira. Akazi awo ankasimba zambiri za malemuwo, koma a Bolopeni ankamvera anthu ngati munthu amene akudikira kuti galimoto zidutse, iye awoloke.

Paipi yatsopano anaigula ndithu. Inakhala pampando wakumbuyo milungu itatu, ili m'pepala lake, kudikira Loweruka limene silinkafika.

Usiku umenewo msewu unali wa iwo okha. Nkhungu inali itagona m'chigwa ngati thonje, magetsi a galimoto akusambiramo pang'onopang'ono. A Bolopeni ankabwereza mumtima ziganizo zokoma za m'mawu awo aja, n'kumadziombera m'manja pachiwongolero. Kamuvi kosonyeza kutentha sanakaone kakukwera. Anangomva kafungo ngati ka shuga wopserera, kenaka phuu! Nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti n'kusakanikirana ndi nkhungu, osadziwikanso kuti ya galimoto ndi iti, ya Mulungu ndi iti.

Anaimika atangowoloka mlatho, pafupi ndi chinyumba chopanda denga chimene pakhoma pake panali chithunzi cha sipanala chofufutika. Foni inalibe netiweki, inangotsala ndi tochi. Atatsegula boneti anapeza paipi yakale itang'ambika chamulitali ngati nthochi yakupsetsa. Madzi onse anali pansi. Anaganiza za nkhope ya akazi awo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anasowa mfundo.

Anatenga chigubu kumbuyo n'kutsetserekera kumtsinje. Madzi ankayenda mwakachetechete ngati akuopa kudzutsa munthu. Mwezi unali m'madzimo, ndipo pamene ankatunga anaona ngati ukulowa m'chigubu. Pokwera mtunda anamva mapazi kumbuyo kwawo. Nsapato zolemera, zantchito. Anaima. Mapazi anaima. Anayenda. Mapazi anayenda. Anacheuka... nkhungu basi.

Atafika pamsewu, munthu anali ataima kale pagalimoto.

Anali mdala wovala ovololo, chipewa chitaphimba nkhope, atapendeketsa khutu pa injini ngati dokotala pachifuwa cha wodwala. Ankanunkhira oyilo wakale ndi sopo.

"Madala, mwaswera bwanji? Ine ndine mkulu wa dipatimenti ya..."

Mdalayo sanadzutse mutu. Pofuna kuonetsa kuti zinthuzi amazidziwa, a Bolopeni anatambasula dzanja kuti atsegule chivundikiro cha rediyeta.

"Musatsegule. Kapena nkhopeyo mwatopa nayo?"

Dzanja linabwerera lokha m'thumba.

"Ameneyu akapsa mtima saumirizidwa," anatero mdalayo. "Umakhala naye pambali n'kudikira. Ndi mmenenso alili mwini wake."

Atatero anasanjika chikhatho pa rediyeta, pachitsulo chimene chikanawotcha chimanga. Sanachichotse. Injini imene inkalira ti, ti, ti, inakhala chete. Nthunzi inatha ngati wina waimeza.

"Gwirani tsopano."

A Bolopeni anagwira ndi chala chimodzi. Chitsulo chinali zii, ngati mwala wa mumtsinje m'mamawa. Kuzizirako kunakwera m'mkono mpaka m'khosi. Anadziuza kuti amakaniko akale ali ndi manja a chikopa, n'kutulutsa sikuludiraiva, kumupatsa mdalayo. Sanailandire.

"Paja munati mukonza nokha."

Mawu amenewo a Bolopeni anawanena kukhitchini kwawo, milungu itatu yapitayo, chitseko chili chotseka.

Miyendo inafuna kuthawa. Koma kuthawa kunali kusiya galimoto ya apongozi pamsewu, kukamwa kuli yasa. Anavula jekete, anaponyera tayi paphewa, anawerama.

Anagwira ntchito ngati munthu amene akulota. Mawu a mdalayo ankabwera pang'onopang'ono, ngati akuchokera pansi pa mlatho. Masulani mphete ziwiri zomangira paipi. Musakoke, ipotokoleni kaye imasuke. Paipi yakale inachoka ndi kamawu ngati ka munthu wousa moyo. Pukutani dzimbiri pakamwa pa rediyeta. A Bolopeni anapukuta ndi kampango kawo koyera ka m'thumba la jekete, kamene kanali kasanapukutepo ngakhale thukuta. Kenaka analowetsa paipi yatsopano mbali zonse ziwiri, n'kuima chilili monga amachitira akamaliza kusaina.

"Yakhala bwino," anatero mdalayo. "Nanga mphete zija zilowera kuti?"

Mphete zinali pansi, pafupi ndi nsapato yawo. Zimayamba ndizo kulowa. Anazulanso paipi, anaveka mphete, analowetsanso. Yoyamba inamanga. Yachiwiri, yodyedwa ndi dzimbiri, inangoti thyo! n'kugwera mumdima.

"Basi, zathera pompa," ananong'ona a Bolopeni.

Mdalayo anapisa m'thumba la pachifuwa n'kutulutsa kawaya kofiira. "Unikani apa."

Anaunika. Manja awiri analowa m'kuwalako. Chala chachikulu chakumanzere chinali chodukira pakati. Zalazo zinazunguliza waya, zinapota kamodzi... kawiri... katatu, n'kupindira kansonga m'kati.

"Kuti kasabaye mwana akamagwiragwira."

Apa m'pamene a Bolopeni anaona. Waya anali ndi mthunzi. Paipi inali ndi mthunzi. Ngakhale tayi yawo inali ndi mthunzi. Manja aja analibe.

Koma tochi sanaisunthe pomwe anauzidwa kuunika.

"Thirani madzi pang'onopang'ono. Muzifinya paipiyo, igeye ngati khanda, mpweya utuluke."

Anathira. Anafinya. Inageya.

"Manja mulibe kwenikweni," anatero mdalayo, ndipo pansi pa chipewa panamveka ngati kumwetulira. "Koma tochi mumaigwira bwino. Kalizeni."

Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Kamuvi kanakwera mpaka pakati n'kukhazikika. A Bolopeni anatulutsa mutu pawindo kuti athokoze, mwina ndi mfundo ziwiri kapena zitatu. Panalibe munthu. M'matope a madzi otayika aja munali mapazi a nsapato za mu ofesi zokha.

Pomwe ankafika pageti pakwawo, ulemu wawo unali utabwererako theka. Akazi awo anali pakhonde atafunda bulangete.

"Munali kuti, bambo? Foni yanu ndaiimba mpaka chala chatupa."

"Ndimakonza galimoto. Ndekha. Mukawauze achimwene anu."

Mayiwo anayang'ana malaya, anayang'ana kampango kakuda bii. Anatsegula boneti okha, popeza kachitsulo kake ankakadziwa kuyambira ali mwana, n'kuunika ndi foni. Anakhala chiweramire nthawi yaitali.

"Wamanga waya uyu ndani?"

"Aa, pamenepo pokha anandigwirirako mdala wina pamlatho paja. Wachala chodukira pakati."

"Chakumanzere?"

"Chakumanzere."

"Inawadula ndi fani ya lole ndili sitandade fayifi," anatero mayiwo, mawu ali pansipansi. "Chinyumba cha pamlatho chija chinali galaja ya bambo anga. Ndakuuzani kangati? Chaka chino akwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ali m'manda."

A Bolopeni anakhala pansi pakhonde, pasimenti yozizira, thalauza la suti lomwelo.

Akazi awo anasisita kansonga kopindidwa kaja ndi chala, ndipo sikanawabaye. "Ananena chiyani?"

Mkulu wa dipatimenti anafufuza m'mutu mwake mawu aakulu, koma sanapezemo. "Anati manja ndilibe. Koma tochi ndimaigwira bwino."

Mayiwo anaseka, misozi ikutsika. "Ine ndinawagwirira tochi zaka khumi, mawu amenewo anandiuza kamodzi kokha." Anatseka boneti mofatsa ngati akufunditsa munthu wogona. "Dzukani, bambo, mukasambe. Akulandirani."