Dzenje la pa Mzere wa Atcheya

Ida Khoropa ankathirira mbande za mitengo kuseri kwa nyumba yake ku Bangwe, dzuwa litangolowa, pamene anamva khasu kuphiri. Linali khasu la munthu wodziwa kukumba, losapupuluma. Anatula ndowa pansi n'kuyang'ana kumtunda, koma utsi wa mauvuni a njerwa unali utaphimba phiri lonse. Mphepo inkatsika ndi fungo la dothi lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe.

"Bambo a Faith, mukumva?"

Mwamuna wake, Blackson, anali pakhonde akusoka nsapato. "Ndi anzanu a komiti aja," anatero osadzutsa mutu. "Anthu a ntchito yaulere sadziwa nthawi yoweruka."

Ida anali tcheya wa Tisamale Phiri, gulu la anthu ongodzipereka lomwe linkasunga malo otsala a kuphiri kuti asadulidwe mapuloti. Mpandowo panalibe ankaufuna. Anamusankha chifukwa cha pakamwa pake, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene anadzamudera. Anathamangitsa oswa miyala, anazula chimanga cha anthu olima kutsetse, anagwetsa maziko a nyumba ya mlamu wake weniweni. Anthu a ku Bangwe ndimawadziwa ine: madzi akasefukira n'kuwagwetsera makoma amalira kuti mitengo inatha, koma ukawaletsa kudula umasanduka mdani wa ana awo.

Gululi linali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Mvula isanayambe, membala aliyense ankapatsidwa mzere wake wa maenje, kuyambira pamwala wa kumunsi kukafika kumalire a kumtunda. Ida, poti tsiku lililonse anali kumitingi, mzere wake anamukumbira Blackson yekha, uku akung'ung'udza kuti anakwatira komiti.

Kutacha usiku wa khasu uja, mamembala anapeza dzenje limodzi pa mzere wa Ramsey, mnyamata wa kabaza, litasintha. Dzenje la mtengo limakhala lozungulira, lolekeza m'mawondo. Ili linali lalitali, lakuya, makona ake owongoka ngati lokumba adzukulu akumanda. Ramsey anaseka, analijambula pafoni n'kutumizira anzake. Sabata isanathe anamupeza atatsamira khoma la golosale masana dzuwa likuswa mtengo, njinga yake yamoto ikulirabe, iye atauma, m'kamwa muli dothi lofiira la kuphiri. Anthu atakwera kukaona dzenje lija anapeza litakwiririka, mtumbira uli bwinobwino.

Khasu linamvekanso, ndipo ulendo uno manda anaoneka pa mzere wa mayi Gertrude, msungichuma wa gulu. Mayiwo anadzitsekera m'nyumba, abusa akusinthana kuwapempherera. Sanamve ndi mutu womwe. Amene anafa anali Hamudi, bambo waganyu yemwe anawakumbira maenje awo. Anagwa pamsika akusenza thumba la makala, naye dothi lili m'kamwa.

Ida atamva za Hamudi anakhala pansi pomwepo, pakati pa machubu a mbande. Chinthucho sichinkayang'ana dzina la mwini mzere, chinkatsata dzanja lokumba. Anayang'ana Blackson akumwa tiyi pakhonde ndipo anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Mphekesera sizinachedwe. Pakiyosiki ya madzi azimayi ankasuntha ndowa zawo Ida akafika. "Mitengo yake ikufuna manyowa," wina ankatero mokweza, akuyang'ana kumbali. Ena ankati anamuona akuyankhula ndi mbande zake ngati ana. Mkazi wa malemu Ramsey analavula malovu pakhomo pake anthu akuona. Tsiku lina anapeza machubu onse atakhuthulidwa, mbande zitapondedwapondedwa. Ida anazitola imodziimodzi akutukwana, ndipo kutukwanako kunangoonjezera umboni kwa omudawo.

Yekhayo amene ankabwerabe kunyumba kwake anali a Jameson, wachiwiri kwa tcheya, munthu wa mawu ofewa, woyenda ndi Baibulo m'khwapa. Anthu ankanong'ona kuti amacheza kwambiri ndi ofuna mapuloti, koma akafunsidwa ankangomwetulira n'kunena kuti iwo amacheza ndi aliyense.

Madzulo a tsiku lina khasu lija linayambanso. Blackson anagwetsa kapu n'kugwira pachifuwa.

"Mayi a Faith, wina akundithira mchenga."

"Musayankhule choncho."

"Ndikumva ukulemera apa."

M'mawa Ida anakwera phiri yekha, ndipo anawapeza manda pakati pa mzere wake, dothi lidakali lonyowa, popanda phazi la munthu pozungulira. Anatsika chothamanga, anakweza Blackson pa kabaza kupita naye kuchipatala. Anamuyeza zonse, sanapeze kanthu, anamupatsa mapilitsi a mutu. Pofika masana bamboyo anali ali gone pamphasa, maso ali kudenga, akupuma ngati munthu wotsamwa. Mayi woyandikana nawo nyumba, Brenda, ndiye analimba mtima kudzakhala naye.

A Jameson anafika ndi nkhope yachisoni. Anapemphera pang'ono, kenako anaitanira Ida panja.

"Atcheya, inu ndi ine ndife akhristu, koma za makolo tisazinyoze. Manda okumbakumba sagona opanda kanthu. Kwathu tikakumba manda maliro osabwera, timaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, imfa imakhuta."

Ida ankaudziwa mwambowo. Ali mwana ku Phalombe anaona akuluakulu akuika nthochi m'manda a munthu amene anamira mumtsinje mtembo osapezeka.

"Mulikulunge mu nsalu imene wodwalayo wafunda," anapitiriza a Jameson. "Dzuwa lisanalowe. Mupite nokha, musauze munthu."

Munthu akathedwa nzeru samafunsa kuti wondithandizayu akupezapo chiyani. Ida anadula nthochi ya kuseri kwa bafa, anaikulunga mu chofunda cha Blackson, anamanga ndi luzi kumutu ndi kumiyendo n'kusenza. Madzi a nthochi ankamutsikira m'khosi, ozizira. Anadutsa njira ya kuseri kwa mauvuni, kuzemba maso a anthu, ndipo anafika pamanda paja dzuwa litapendekera ku Soche. Anatsitsiramo katundu wake bwinobwino, anatola khasu lake n'kuyamba kukankhira dothi.

Asanathire kangati, anamva phokoso kumunsi. Anthu ankakwera ndi zikwanje, mipini ndi miyala, amuna, akazi, oswa miyala aja, olima kutsetse aja, mafoni ali m'mwamba akujambula. Ndipo tanenani inu, munthu amene wapezeka yekha kuphiri akukwirira chinthu chokulunga mu nsalu m'manda osadziwika mwini wake, angafotokoze chiyani chomveka?

"Tamugwira mfiti!" anakuwa mkazi wa Ramsey.

"Ndi nthochi," Ida anatero. "Taonani nokha, ndi nthochi. Amuna anga akufa."

Anyamata awiri analumphiramo n'kutulutsa mtolowo. Atamasula n'kuona thunthu loyera mu chofunda cha Blackson, anthu anabwerera m'mbuyo.

"Ndi mmene amachitira," anatero mayi Gertrude. "Amasiya nthochi, munthu weniweni n'kukamudya. Ngakhale mwamuna wake samumvera chisoni."

Analitema thunthulo ndi zikwanje mpaka linangotsala zinyenyeswa, chofunda anachitentha. Ida anagwada, anawagwira miyendo, anawaitana mayina mmodzimmodzi, anthu amene anadya nawo pamaliro ndi pamaukwati. Wina anamumenya mpini paphewa. Kenako gululo linapatuka, a Jameson akudutsa pakati mofatsa.

"Abale, tisakhetse magazi," anatero. "Mayiyu tim'pereke kwa akuluakulu mawa. Koma dzenjeli lisakwiriridwe, ndipo musaikemo kanthu. Ligone chonchi, likhale umboni."

Anakweza manja kuti anthu akhale chete, ndipo Ida, ali chogwada, anaona zikhatho zawo. Zinali ndi matuza ophulika, atsopano, dothi lofiira litalowa m'mabala. Awa anali bambo amene chaka chonse sanagwirepo khasu, ati msana ukuwawa. A Jameson anamuyang'ana, anaona kuti waona, ndipo sanabise manjawo.

"Ndi awa," Ida anakuwa. "Taonani manja awo. Akufuna tonse tithawe kuti agulitse phiri."

Anthu anaseka. Ndani akanamvera mfiti yogwidwa dzuwa likuwala, n'kusiya mkulu wa mpingo? Anyamata anaima pakati pa iye ndi njira yotsikira kunyumba. Nthochi ina inali kutali, kumunsi, ndipo dzuwa linali litakhudza kale phiri la Soche.

Ida anasiya kulira. Anaimirira, anakonza chitenje chake, anavula nsapato n'kuziika pambali. Anayang'ana kumunsi kumene kunali denga la nyumba yake, lamalata adzimbiri, lomwe Blackson ankati adzalisintha mvula ikatha. Ankamukonda bambo ameneyo ndi kung'ung'udza kwake komweko, ndipo anali Ida yemweyo amene anamupatsa khasu lokumbira mzere uja. Anakhala m'mphepete mwa dzenje, anatsikiramo, n'kugona chagada, manja pachifuwa.

"Tulukamo iwe," anatero a Jameson. Mawu ofewa aja anali atawathawa. "Mutulutseni."

Palibe anasuntha. Fungo la dothi lonyowa linakwera mwamphamvu, ndipo mulu wa dothi wa pambali pa dzenje unayamba kutsetsereka wokha, pang'onopang'ono, popanda woukhudza. Mafoni anagwa. Anthu anathawa chogubuduzika kutsetse, ena kusiya zikwanje, a Jameson ali patsogolo.

Kunyumba, Blackson anakhosomola kamodzi, anadzuka n'kukhala tsonga. Anapempha madzi, anamwa kapu yonse, anapuma mpweya wautali.

"Mayi a Faith ali kuti?" anafunsa Brenda. "Apitanso kumitingi?"

Brenda anali atamva kale mapazi a anthu othawa ndi zimene ankanena podutsa. Anangophimba nkhope ndi chitenje.

Kutacha Blackson anakwera phiri ndi khasu, ndipo panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe wa ku Bangwe amene anamuperekeza. Anafukula mtumbirawo yekha, anamusenza yekha mkazi wake potsika, anthu akusuzumira m'mawindo. Pamaliro panabwera achibale a ku Phalombe okha ndi Brenda.

Mvula isanagwe a Jameson anasankhidwa kukhala tcheya, popanda wopikisana nawo, ndipo lero pamene panali mizere ija pali nyumba zamipanda. Blackson akadali moyo, wathanzi, sadwala ndi chimfine chomwe. Chiyambire tsiku limenelo sanayankhepo moni wa munthu aliyense wa ku Bangwe.