Hutala ya Malemu a Sumani

Patatha chaka a Sumani atamwalira, hutala ya galimoto yawo inayamba kulira yokha usiku. Inali galimoto yakalekale, ya zaka zoposa makumi anayi, imene mkazi wawo Hidaya ankanyamulirabe usipa kuchokera ku Nkopola kupita kumsika wa pa Mangochi.

Usiku woyamba inalira kamodzi, mosasa mawu, kenako zii. Usiku wachiwiri nyali zake zinayaka pang'onopang'ono n'kuwalitsa khoma la nyumba, m'galimotomo mulibe munthu. Kumjigo amayi anayamba kunong'onezana kuti malemuwo sakufuna kuti mkazi akhale pampando wawo.

Hidaya anaitana a Ambrose, katswiri wa mawaya a galimoto. Iwo anasuzumira kunsi kwa chiwongolero, n'kukoka waya mmodzi. Chikopa chake chinafumbutuka m'manja ngati tsamba louma.

"Mayi, si mizimu iyi," anatero akuseka. "Mawaya akalamba, ena adyedwa ndi makoswe. Akakhudzana, hutala imalira. Mwayi kuti sinapse. Tichotsa onse, tiike atsopano ndi mafyuzi omwe."

Tsiku lonse anazula mawaya akale n'kuwaunjika pansi. Madzulo anamanga batire pa njinga yawo kuti akalitchaje kwawo.

Usiku umenewo kunali mdima wa ndiweyani. Mphepo ya mwera inkagwedeza malata, achule akulira cha kumtsinje wa Shire. Hidaya anagona mtima uli m'malo. Koma pakati pa usiku hutala ija inalira, ulendo uno mosalekeza, mpaka agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa.

Hidaya anatuluka ndi tochi. Atangoponda pakhonde, kulira kuja kunaleka. Apo ndi pamene anaona kuti chitseko cha mpanda chili pululu, ndipo chipinda cha apongozi ake, a Zena, mayi a malemuwo, chili chotsegula. Gogoyo mutu unali utayamba kusokonekera ndi ukalamba.

Anathamanga kutsata kanjira ka kudooko. Anawapeza a Zena m'bango, madzi ali m'mawondo, pamalo pomwe ng'ona inagwira munthu mwezi wathawo.

"Amama, mukupita kuti?" ananong'ona, atawagwira dzanja.

"Ndimafuna kukachapa," anayankha a Zena. "Koma Sumani akusokosa kwambiri."

M'mawa a Ambrose anamvetsera nkhani yonse batire lili m'manja. Anayang'ana mulu wa mawaya uja, nayang'ananso hutala, yomwe inali lende, yosalumikizidwa ku chilichonse. Sanaseke.

Anagwira ntchito masiku atatu. Injini ya galimoto italira bwinobwino, anatulutsa hutala yatsopano m'chikwama.

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike, mwatithandiza, bambo," anatero Hidaya, misozi ikulengeza. "Koma yatsopanoyo bwererani nayo."

A Ambrose anagwedeza mutu, n'kulumikiza yakale ija mosamala, ndi manja onse awiri.