Mahedifoni a Malemu Edmundo

Chodabwitsa chinali chakuti mahedifoniwo ankalumikizika okha.

Anali opanda chingwe, a malemu Edmundo, mwamuna wa Eufemia, amene anagundidwa ndi lole pa Chonde. Eufemia anawatulutsa m'sutikesi kuti azimvera maphunziro ake aunamwino pa laputopu, poti sipika yake inali itafa. Koma akangowayatsa madzulo, asanakhudze n'komwe bulutufu, kanyali kabuluu kankaleka kuphethira. Laputopu n'kumaonetsa kuti palibe chimene chalumikizidwa.

Tsiku loyamba anangomva kupuma kwa munthu. Mawa lake magetsi anazima, chiperoni chikutsika m'phiri, madontho akugogoda malata mmodzimmodzi, ndipo mawu anatuluka m'khutu mwenimwenimo, otsika, a munthu woopa kudzutsa ana.

"Wagona? Ndakusowa. Usakhome chitseko..."

Anali Edmundo. Mawuwo anaduka, n'kuyambiranso. Anaduka, n'kuyambiranso.

Eufemia sanawavule. Mwamuna ameneyu ali moyo, mawu okoma ankawaumira ngati shuga wa pakati pa mwezi. Lero ali kumanda ndiye akuti ndakusowa! Analira, ndipo kunena zoona anakondwa. Kuyambira pamenepo ankagona osakhoma.

Anauzako Doris yekha, mnzake wa kumpingo. "Umenewo ndi mzimu wosagona," Doris ananong'ona. "Akuti wina ku Nkando anauyankha, sabata sinathe." Koma Eufemia sanamuuze Marcia, mng'ono wake amene anabwera pamaliro n'kukhaliratu m'chipinda chinacho. Mwanayo anali ataonda kale ndi chisoni, ndipo Eufemia ankamumvera chifundo.

Maphunziro atayamba kumutsalira, anapita nawo mahedifoniwo kwa Hopeson, wokonza mafoni.

"Mayi, awa ndi abwinobwino," anatero Hopeson. "Amathamangira foni imene anaizolowera, ikakhala pafupi. Laputopu yanuyo akuikana chifukwa ina yawagwira kale."

"Foni ya bambo inaphwanyika pangozi."

"Ndiye ilipo ina. Ndipo sili patali ayi, mwina kuseri kwa khoma."

Madzulo amenewo mawu atayamba, Eufemia anadzuka nawo kumutu, n'kuyenda mumdima akupapasa khoma. Pansi pa chitseko cha Marcia pankatuluka kuwala. Anachikankha pang'ono.

Marcia anali pamphasa, atafulatira, foni ataikanikiza kukhutu. Ankaigwedeza, kuimenya pachikhatho, n'kudinanso, akusisima poti sinkatulutsa mawu. Akadina, Edmundo ankayambiranso m'makutu mwa Eufemia.

Eufemia anazimitsa mahedifoni aja. Marcia anadinanso, ndipo ulendo uno foni inalankhula yokha, mokweza, mpaka kumapeto.

"Wagona? Ndakusowa. Usakhome chitseko, Marcia. Achemwali ako agona kale."

Marcia anatembenuka, pakamwa pali yasa.

"Ibwereze," anatero Eufemia, mawu ali phee. "Ine zaka zonsezi sanandiuzepo."