Khoma Lokana Kugwa

Lachiwiri m'mawa kapitawo anaima pa geti, makiyi ali m'manja, n'kumayang'ana khoma lomwe iye ndi anthu ake anagwetsa dzulo lake. Khomalo linali chilili. Linangofika m'chiuno, koma njerwa zake zinali zitayalana bwinobwino, simenti ikadali yaiwisi.

Khomalo linali la positi yakale, ija agogo a aliyense mumzindamo ankati anatumizirapo kalata yawo yoyamba yachikondi. Akuluakulu a mzinda anali atagamula kuti igwe, pamalopo pamangidwe holo yamagalasi okhaokha ndi kasupe wolavula madzi m'mwamba. Loweruka a meya ankayenera kudzaika mwala wa maziko, ndipo bwana wa ku ofesi ya zomangamanga anali atamuuza kapitawo mosapita m'mbali: "Pofika Lachisanu ndipeze bwalo loyera. Apo ayi, udzabweze makiyi ndi chisoti." Kapitawo anali ndi ana asanu, ndipo kupatula kugwetsa panalibe ntchito ina yomwe ankaidziwa.

"Mwina dzulo sitinaligwetse mokwanira," anatero wa wilibala.

"Khoma silidzuka ngati chidakwa, achimwene," anayankha wa nyundo, akubwerera cham'mbuyo.

Analigwetsanso. Lachitatu analipeza litafika m'khosi, windo litabwerera pamalo pake, mbali imodzi itapakidwa laimu. Apa mphekesera zinamera mapiko. Mayi wogulitsa zipatso pakona anati mkulu wa positi wakale anafera pa kauntala akuyembekezera kalata yomwe sinafike. Dalaivala wina analumbira kuti anaona anthu oyera mbee akuyenda pamwamba pa khoma, opanda mitu. Antchito atatu anadwala mwadzidzidzi matenda opanda dzina.

Kapitawo anapita kwa mlonda wausiku, bambo wachikulire wosakonda kuwononga mawu, yemwe ankapinda chikhoti chake kuti azipita.

"Madala," anatero monong'ona, "usiku uno mwaonako mzukwa?"

"Mzukwa? Ayi bwana. Chiyambire ulonda sindinauonepo."

Lachinayi chitseko chachikulu chinali chitabwerera, ndipo kabowo koponyera makalata kanali kakunyezimira ngati kapukutidwa ndi munthu wokakonda. Theka la antchito silinabwere, koma otsalawo anagwetsanso khomalo. Madzulo kapitawo anakhala pampando kunyumba, chakudya chikuzizira, akuopa kukadikirira mzukwawo usiku.

"Bambo a ana," anatero mkazi wake, "mzukwa sungakuchotseni ntchito, koma bwana angathe. Muziopa woyenera kuopedwa."

Kapitawo anatenga tochi n'kubwerera ku positi kuja, manyazi akumukankha. Analowera pa mpata wa kuseri kwa mpanda wamalata n'kubisala pa mulu wa njerwa zogumuka. Magetsi a mumsewu anali atafa kalekale. Mdima unali wa ndiwe yani, ndipo kuchipatala choyandikana ndi malowo kunkamveka chifuwa cha wodwala mmodzi, chikuyamba n'kuleka, chikuyamba n'kuleka. Anadikira mpaka thako linachita dzanzi.

Pakati pa usiku geti linatseguka pang'onopang'ono. Panalowa zinthu zisanu ndi ziwiri, zoyera kuyambira kumapewa mpaka kumapazi, zikuyenda mopanda mdidi. Chimodzi chinkakankha wilibala yosalira n'komwe. Zinazungulira khoma logwalo, zinaima nji, kenako kunayamba kumveka kaphokoso kakang'ono, kwe, kwe, kwe, ngati wina akupala mphika m'chipinda chakutali. Kapitawo anafuna kupemphera, koma pemphero lokhalo lomwe linabwera m'mutu linali lodalitsa chakudya.

Ndiye zinthuzo zinayamba kunong'onezana.

"Yagwetsanso."

"Ndinakuuzani ine, iyi si mizukwa wamba. Mizukwa yoyenda masana dzuwa likuswa mtengo?"

"Ine mawa sindibwera. Ndili ndi ana."

Kapitawo anatsegula pakamwa modabwa, fumbi la laimu linamulowa, ndipo anayetsemula kuyetsemula komwe kunamveka mpaka kuchipatala. Zoyera zija zinabalalika. China chinagwera m'dramu la madzi, china chinakwera makwerero osatsamira paliponse. Chimodzi chokha ndicho chinatsala, chitagwira fosholo ndi manja onse awiri.

"Ngati ndinu womwalira," chinatero ndi mawu a munthu wofuna kulira, "nenani chomwe mukufuna, ife tingokutumikirani."

"Ndine kapitawo."

"Wa kumanda?"

"Wa pano. Wogwetsa."

Anayatsa tochi. Patsogolo pake panali mmisiri womanga, wadazi, ovolosi yake itayera ndi laimu, mutu wokha uli wakuda moti mumdima sunkaoneka. Mapazi anali atawakulunga ndi nsanza, gudumu la wilibala chimodzimodzi.

"Ndiye ndinu mukutigwetsera ntchito yathu?" anafunsa mmisiriyo, mantha akusanduka ukali. "Masiku anayi anthu anga sakudya!"

Aliyense anasolola kalata yake m'thumba. Ya kapitawo inkati positi igwetsedwe. Ya mmisiri inkati positi ikonzedwe monga inalili kale chifukwa ndi chuma cha mbiri ya mzinda, ntchitoyo izigwiridwa usiku kuti isatseke msewu, komanso mwakachetechete kuti odwala agone. Pempho lokonza linalembedwa zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mmisiriyo anafotokoza, ndipo linatulukira sabata yatha pomwe ku ofesi ankasuntha kabati. Pansi pa makalata onse awiri panali chidindo chimodzi ndi siginecha imodzi, ya bwana yemwe uja.

Onse anatembenukira kwa mlonda, yemwe ankamwa tiyi wake pakhomo la kanyumba kake.

"Madala, bwanji simunanene?"

"Munandifunsa za mizukwa, bwana. Awanso anandifunsa za mizukwa. Za anthu palibe anandifunsa. Ine wobwera ndi chidindo ndimamutsegulira."

Lachisanu kapitawo analowa mu ofesi ya bwana asanagone n'komwe, laimu ali m'nsidze. Bwana anali atatambasula kale dzanja kuti alandire makiyi. M'malo mwake analandira makalata awiri. Anawerenga yoyamba, anawerenga yachiwiri, anavula magalasi n'kuwavalanso. Kenako anadzuka, anatseka chitseko bwinobwino, n'kuika makalatawo pansi penipeni m'dirowa ya tebulo lake.

"Kapitawo," anatero chapansipansi, "pa positi paja pali mizukwa."

"Ayi bwana, ndi amisiri omwe inu..."

"Ndati pali mizukwa. Mwambo wa mawa tiuimitsa, mmisiriyo ndimupezera kwina. Munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha mizukwa, iwe kaya ine. Tamvana?"

Kapitawo anayang'ana makiyi m'dzanja lake. Anali munthu wodana ndi bodza, koma ana asanu sadya chilungamo. Mtima unakhala pansi koyamba sabata yonseyo.

Atatuluka anapeza alembi onse ataunjikana m'khonde, makutu ali tcheru.

"A kapitawo, akuti munagona komweko. Munaonadi?"

Iye anavala chisoti chake, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Inalipo isanu ndi iwiri," anatero. "Wina unandifunsa ngati ndine wa kumanda."