Njinga ya Odwala Imene Sinafike ku Amaramba

Pakhomo pa a Jeremiya, kufupi ndi nyanja ya Amaramba, tsiku linkayamba ndi pemphero. Banjali linabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, n'kupeza mudzi wonse uli tchire lokhalokha. Analambula, anamanga, anabzala chinangwa. Ana analipo awiri: Talandira, amene anakwatiwa ndi Osvaldo, ndi mng'ono wake Ivone, wanzeru za m'kalasi. Ivone atasankhidwa kupita ku sukulu ya uphunzitsi m'tauni, Talandira ndiye ankawamba nsomba kuti mwanayo asasowe sopo ndi makope.

"Kumeneko ukapeza anzako amitundumitundu," anatero a Jeremiya pomukweza minibasi ya shapa ku Insaca. "Amene akakuuze kuti utibisire kanthu ife makolo ako, ameneyo ukamuthawe."

Pa sukulupo panali gulu la atsikana lotchedwa Achemwali a Chifundo. Ankavala nsalu ya kapulana yofanana, ankayimba m'tchalitchi, ankazonda odwala. Mtsogoleri wawo anali Alzira, wa chaka chomaliza, wolankhula mokoma, amene onse ankamutchula mana Alzira, kutanthauza achemwali Alzira. Tsiku limene Ivone analowa m'gululo, anagwirana manja n'kulumbira kuti za m'gulu sizituluka kunja.

Anali Ivone yemwe amene anabweretsa ganizo labwino. Anafotokoza kuti kwawo amayi apakati amafera m'njira popita kuchipatala cha ku Insaca, chifukwa amanyamulidwa pamachira. Gulu linagwirizana zogula njinga yokhala ndi ngolo yogonekamo wodwala. Anakazinga mandasi, anayimba pamsika, anayenda khomo ndi khomo. Patchuthi Ivone anasonkhetsanso kumudzi. Akhristu anapereka, Asilamu a kugombe anapereka. A Masudi, msodzi wachikulire, anagulitsa nsomba za sabata lonse. Talandira, amene anali ndi pakati, anamasula pansonga ya nsalu ndalama imene ankasungira zovala za mwana.

"Tenga," anatero. "Mwina woyamba kukwera ndikhala ine."

Ndalama zonse anasungitsa Ivone. Loweruka lina iye ndi Alzira anakwera sitima kupita ku Entre Lagos kukalipira mmisiri wowotcherera zitsulo. Asanafike kwa mmisiriyo anadutsa pamsika, pamene katundu wa ku Malawi anali mbwee.

"Taona nsapato izo," anatero Alzira. "Msungichuma wa gulu angamayende ndi mapatapata osoka ndi waya?"

"Mana, ndalamazi si zathu."

"Ndani wati tikuba? Tikungobwereka. Tikazinganso mandasi, zibwerera."

Ivone anamasula mpango umene anamangamo ndalama zija. Anagula nsapato, kenako mafuta odzola, kenako wotchi ya Alzira. Kwa mmisiri sanafikeko. Mwezi wotsatira gulu linachita phwando la tsiku lobadwa la Alzira, ndipo Ivone analawa mowa koyamba. Pomatha chigawo cha sukulu, mumpango munangotsala zoti n'kugula tayala limodzi.

Apa m'pamene mantha anamugwira. A direkitora a sukulu akamuyitana, ankayesa kuti zadziwika. Akaona wapolisi pamsewu ankakhota. Anapita kwa Alzira akulira.

"Mana, tikaulule. Sindikugona."

Alzira anamuyang'ana ndi maso ouma. "Ndalama zinali m'manja mwa yani? Unalumbira, Ivone. Ukatsegula pakamwa, tonse tinena kuti unadya wekha, ndipo wokalowa m'ndende ndiwe."

Ivone anabwerera kumudzi atawonda. A Masudi anamupeza pachitsime.

"Mwanawe, njinga yathu ija ifika liti?"

"Mmisiri akumalizitsa, bambo."

Mayi ake, a Luisa, anaona nsapato zija m'chikwama. "Izi wazipeza kuti?"

"Anandipatsa mnzanga."

"Ndiyang'ane kumaso. Chakudya sukudya, munthu akagogoda ukudzidzimuka. Ngati pali chimene wachita, nena lero, tikadali ndi mpata wokonza."

Mawu anafika pakhosi. Ivone anakumbuka ndende, anakumbuka nkhope ya bambo ake, n'kuwameza. "Palibe, amayi."

Patangopita masiku anayi, m'mawa dzuwa litangotuluka, Osvaldo anabwera akuthamanga. Talandira matenda anali atayamba, ndipo azamba anati mwana wagona mopingasa, athamangire naye ku Insaca. Galimoto kunalibe. Amuna anadula mitengo iwiri, anamangirira mphasa ndi bulangete, n'kumunyamula.

Ivone ankatsatira pambuyo ndi chigubu cha madzi. Dzuwa linakwera. Onyamula ankasinthana, mapewa atasupuka, ndipo pamchenga ankatitimira. Magazi anayamba kudontha pansi pa machira, dontho apa, dontho apo, ndipo Ivone ankayenda akuwalambalala. Ankapemphera, koma pemphero silinkatha, chifukwa ankadziwa chimene chinali pakati pa iye ndi Mulungu.

Atapumira pansi pa mtengo wa mango, Talandira anatsegula maso.

"Ivone, uli pompo?"

"Ndili pano, achemwali."

"Ukawauze anzako aja afulumire nayo njinga. Ine yandiphonya, koma Mastura wa a Masudi watsala mwezi umodzi kuti achire."

Ivone anamupukuta thukuta ndi nsonga ya kapulana.

Anafika ku Insaca dzuwa litapendeka. Anamwino anathamanga naye m'kati, koma posakhalitsa mmodzi anatuluka akupukusa mutu.

"Mwachedwa naye. Mukanafika masana, bwenzi tikunena zina. Mayi ndi mwana, onse atisiya."

A Luisa anagwa pansi. Osvaldo anagwira khoma. Ivone anakuwa mawu amene anthu a pakhonde paja sanawaiwale.

"Ndamupha ndine! Njinga kulibe! Ndalama ndinadya ine!"

Anagwada pamapazi a bambo ake n'kuulula zonse, nsapato, phwando, lumbiro. A Jeremiya misozi inatsikira m'ndevu.

"Tinathawa nkhondo ndi ana awiri," anatero. "Talandira ndinamubereka kumsana mpaka ku Malawi, zipolopolo sizinamukhudze. Lero wafera nsapato."

"Bambo, ndiperekeni kupolisi."

"Ukayamba wayimirira pamaso pa anthu amene unawanamiza. Ndikhala pambali pako, poti ndiwe mwana wanga, koma pakamwa pakhala pako."

Maliro atatha, Ivone anayimirira pabwalo n'kunena yekha. Ena anatukwana, ena anachoka osamva mapeto. A Masudi anangofunsa kuti, "Nanga mwana wanga Mastura?" Mwa Achemwali a Chifundo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapepesa maliro. Alzira anauza a direkitora kuti sankadziwa kanthu, ndipo Ivone anachotsedwa sukulu.

A Jeremiya anagulitsa mbuzi zawo zonse, Ivone analima maganyu miyezi isanu ndi iwiri, ndipo njinga inagulidwa. Mastura anachira bwinobwino kunyumba. Osvaldo anasamukira ku Entre Lagos, ndipo mpaka lero salankhula ndi mlamu wakeyo. Ivone anabwerera m'tchalitchi, amakhala kumbuyo, ndipo wodwala akapezeka ndiye amayamba kuthamangira kukatulutsa njinga. Mulungu anamukhululukira, koma mkulu wake sanadzuke.

Inu achinyamata amene muli m'sukulu, ndalama yoperekedwa kuti ithandize ovutika ndi moyo wa munthu, ngakhale munthuyo simunamuone. Kuba kumayamba ndi mawu oti "tingobwereka". Ndipo gulu lililonse limene likukulumbiritsani kuti mubise tchimo kwa makolo anu si achibale anu. Ululani msanga, wina asanafe.