Ndimakukonza

Anakumana pa siteji ya basi, foni ya mtsikana wina, telala, itagwa n'kusweka galasi. Mnyamata amene anaitola anali wokonza mafoni. Anaibweza mawa lake itachira, muli nambala yake.

Mauthenga sanachedwe. "Ukandiyang'ana, duwa langa, mawondo anga amaiwala ntchito yawo."

Telala anawerenga n'kuseka yekha pamakina. Mawuwo anali a mu *Tseka Chitseko*, nkhani ya zakuchipinda imene inkatuluka gawo ndi gawo m'mafoni, ya mkazi wonena yekha zimene thupi lake likufuna osadikira kufunsidwa. Alaliki ankaidzudzula, amayi a mu saluni ankaiwerenga mobisa, koma wolemba wake sankadziwika. Anali telala yemweyo. Ankailemba akapumira kusoka mazipi.

Sanakhumudwe. Ankati mwamuna wokufunsira ndi mawu ako omwe ndiye kuti wakukonda kawiri. Anamukonda ndithu, makamaka atalonjeza kuti, "Sindidzakubisira kanthu, wapamtima." Atalandira mphete, anatsimikiza zomuuza zoona ukwati usanachitike. Kodi munthu woloweza nkhani yako angakukane?

Tsiku lina mnyamatayo anabwera kushopu ndi mlongo wake kudzayezetsa diresi. Mlongoyo ankawerenga nkhani ija akumwetulira, ndipo mnyamatayo anamulanda foni.

"Wolemba zimenezi ndi mkazi wopanda manyazi! Ndani angakwatire wotere?"

Telala, mapini ali kukamwa, anafunsa mnyamatayo ngati anaiwerengapo. Iye analumbira kuti zonyansa zotere sayandikira n'komwe.

Mlamu atatuluka, telala anaonetsa mnyamatayo uthenga umene anamutumizira m'mawa womwewo: "Ndimakukonza mpaka m'mafupa." Anamuuza kuti m'gawo laposachedwa wolemba uja ankafuna kunena kuti "ndimakukonda", chala n'kuterereka, ndipo iye wakopera ndi cholakwika chomwe.

Mnyamatayo anayamba wati ndi nthabwala ya pantchito. Ataona kuti bodzalo lamuthina, anakanda m'mutu.

"Chabwino, ndimawerenga. Koma kuwerenga ndi kwina, kukwatira ndi kwina. Iwe ndiwe waulemu, duwa langa."

Telala anachotsa mapini kukamwa, n'kuwabaya pakansalu limodzilimodzi. Mtima unamuwawa kwambiri.

Gawo latsopano linatuluka Lachisanu masana. M'menemo mkazi wa m'nkhani uja anabweza mphete kwa wokonza mafoni wina, n'kumuuza kuti, "Mawu anga umanyambita, koma pakamwa potuluka mawuwo umanyansidwa napo. Ngati ukundifuna, ndiuze kamodzi m'mawu akoako."

Telala anaika foni pambali pa makina. Posakhalitsa inaonetsa kuti mnyamatayo akulemba. Kenako analeka. Anayambanso, n'kulekanso.

Anadikira mpaka nthawi yotseka shopu, poti ankamukondabe, ndipo ngakhale liwu limodzi lopotoka likanamukwanira. Silinabwere. Gawolo linali lomaliza, ndipo mnyamatayo analibenso pokopera.